Batire la njinga ya alamu pa shelefu ya mafoni

Ambiri mukundidziwa kale, ndili ndi kashopu pa Chitakale ku Mulanje, timameta, timatchaja mafoni, pena kuika nyimbo m'mamemore, zomwezo basi. Nde mu December alamu anga, amuna awo a achemwali, anabwerako ku Joni komwe anatha zaka zinayi, ndipo pa katundu yense amene anatumiza ndi matransipota chimene chinasonkhanitsa mudzi sichinali firiji kapena sipika ayi, inali njinga yamagetsi. Kuiona patali ngati yakapalasa wamba, mapedulo alipo, tcheni chilipo, keriya ilipo, koma habu ya tayala lakumbuyo yonenepa ngati kapoto ka ndiwo, nde pa felemu atamangirirapo chibokosi chakuda chachitali ngati buledi. Ana anaithamangira mpaka kumsewu. Anganga anangoisuzumira kamodzi n'kuti njinga yokwera mtunda munthu osatuluka thukuta iwo sangaikhulupirire, n'kubwerera kukakhala pa mkeka wawo kkkk.

Vuto linaoneka tsiku lachitatu. Kwawoko, njira ya ku Likhubula kenako n'kukhotera m'minda, mawaya a magetsi sanafikeko, ali ndi kasola koyatsira mababu atatu ndi wailesi basi. Nde mmawa ndikusesa tsitsi pakhomo ndinangowaona akubwera chokankha, thukuta lili kamukamu, poti njinga imeneyi ikatha moto imalemera kuposa zathuzi.

"Alamu mwadzuka bwanji, pa soketi pali malo?"

"Tadzuka kaya inu. Malo alipo, bweretsani foniyo."

"Si foni alamu."

Anatulutsa kakiyi, kutembenuza pambali pa chibokosi chija, kuchisolola pa felemu n'kuchiika pa tebulo panga. Makilo atatu kapena kuposerapo pang'ono. Kenako m'chikwama munatuluka tchaja, yonga ya laputopu koma yokulirapo, ili ndi kafani mkati, pulagi yake ija ya ku Joni ya mano atatu obulungira yomwe silowa m'masoketi athu a mano afulati, mpaka ndinachita kubwereka adaputa kwa neba wogulitsa mababu. Ine nthawi yonseyi mtima uli pa mita, chifukwa mayunitsi ndinali nditagula ochepa dzulo lake, ndipo chinthu choti chimanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga ndinkaona ngati chindimalizira onse dzuwa lisanafike pamutu. Ndinawauza kuti alamu mulipira bwino apa, iwo akuti tiona madzulo.

Madzulo mita inali itangosuntha pang'ono, sindinakhulupirire. Ndinatenga bolopeni n'kuwerenga zolembedwa pa batirepo: 48V 10Ah. Ukachulukitsa ziwirizo umapeza 480Wh, pomwe yuniti imodzi yomwe timagula kwa ESCOM ndi 1,000Wh. Nde batire lonselo kuchoka pouma mpaka kudzadza ndi theka la yuniti, kuwonjezerapo kochepa komwe kamatayika ngati kutentha kwa tchaja. Ketulo ya 2,000W ikawira mphindi 15 yadya zomwezo. Batire la foni zazikuluzi za 5,000mAh limasunga pafupifupi 19Wh, kutanthauza kuti njinga ya alamu ndi mafoni 25, ndipo mafoni 25 ine ndimatchaja tsiku la msika ndisanadye nkhomaliro. Ndalama ya magetsiwo siikwana n'komwe botolo la Fanta. Chimene chinandipweteka ndi china, chinthucho chinakhala pa soketi yanga kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 2, ndipo nthawi yonseyo sindinathe kutseka shopu kupita kukadya poopa kuti wina achinyamula.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya malo otchajira njinga zamagetsi inandilowa m'mutu, bandulo yanga yambiri inathera pa YouTube usiku. Ndinkaganiza kuti kunjaku kuli zimakina zoopsa ngati mapampu a pa filing'i siteshoni, ufike ulowetse paipi, mphindi ziwiri wadzadza wapita. Aaa ayi ndithu. Malo ambiri otchajira njinga zakapalasa zamagetsi ndi soketi basi, soketi ngati yanga yomweyi, kungoti aitsekera m'kabokosi kachitsulo koti mvula isalowe, aikapo loko, aikapo buleka, ndi choimikapo njinga choti umangirirepo tcheni. Tchaja umabwera nayo wekha m'chikwama ngati mmene anachitira alamu.

Chifukwa chake nachi. Magetsi a pa khoma, 230V athuwa, ndi a AC, amapita uku ndi uku ka 50 pa sekondi, pomwe batire limafuna a DC oyenda mbali imodzi, komanso pa mlingo wake weniweni. Amene amasintha zimenezi ndi tchaja, osati soketi. Pa tchaja ya alamu palembedwa kuti imatulutsa 54.6V ndi 2A. Poyamba ndinadabwa, batire la 48V tchaja 54.6V bwanji, si kulipsereza kumeneko? Kenako ndinamva kuti mkati mwa chibokosi chija muli timabatire ting'onoting'ono ta lithium, tooneka ngati mabatire a tochi koma totalikirapo, ambiri amati 18650 poti ndi 18mm kunenepa ndi 65mm kutalika, timene timapezekanso m'mapawabanki ndi m'matochi otchaja aja. Kamodzi kakadzadza kamafika 4.2V. Amatilumikiza m'magulu 13 motsatizana, nde 13 kuchulukitsa ndi 4.2 ndi 54.6 ndendende. Batire lomwe amalitcha la 36V lili ndi magulu 10, tchaja yake ndi ya 42V. Manambala awiri amenewa, 42 ndi 54.6, munthu wotchajira anthu njinga aziwaloweza ngati nambala yake ya foni.

Ndipo tchaja simangothira moto mwachisawawa. Mukudziwa mmene timathirira chimanga m'thumba, poyamba umangokhuthula beseni lonse osayang'ana, koma likamafika kukamwa umayamba kugwedeza, kutsendera, kuwonjezera ndi manja pang'onopang'ono kuti lisokeke bwino. Ndi momwemo. Poyamba tchaja imakankha 2A yonse osasintha, volteji ikukwera, ikangofika pa 54.6V imaima pomwepo n'kuyamba kuchepetsa mphamvu yolowa mpaka itatsala pang'ono kutheratu, ndi pomwe kagetsi kofiira kamasanduka kobiriwira ndipo kafani kamasiya kulira. N'chifukwa chake gawo lomaliza limachedwa kwambiri. 10Ah kugawa ndi 2A ndi maola 5, koma uwonjezerepo nthawi yotsendera ija. Munthu amene ali pa ulendo sayenera kudikira chobiriwira, ola limodzi pa tchaja ya 2A limamupatsa pafupifupi 100Wh, ndipo pamsewu wabwino ukupalasako pang'ono imeneyo ndi makilomita 7 mpaka 10. Alamu anazolowera, akafika amati "ndingomwetsako pang'ono" n'kukhala pa benchi kumadya chinangwa.

Mkati mwa batire momwemo mulinso kabolodi komwe amati BMS. Ine ndimakatcha kapitawo, amene munagwirako ku esiteti ya tiyi mukundimva. Ntchito yake n'kuyang'anira magulu 13 aja lililonse palokha, lina likadzadza msanga kuposa anzake amalichepetsako kuti onse afanane, moto ukapyola mlingo amadula, batire likauma kwambiri amadulanso lisanawonongeke, ndipo ma BMS abwino amamvanso kutentha. Nde mukaona, nzeru zonse zili mu tchaja ndi mu batire. Siteshoni yokha ilibe zambiri zoganiza.

Mnzanga wina amaperekeza alendo kuphiri, amanyamuka nawo pa Likhubula mpaka ku Chambe, ena mpaka pa Sapitwa penipeni pa 3,002 mita paja, nde amacheza ndi azungu ambiri a ku Germany ndi ku Netherlands komwe njingazi zili mbwee. Akuti kwawoko malo odyera ndi mahotela a m'njira za njinga amangoika masoketi panja kapena timaloka totsekera batire, ndipo ambiri salipiritsa n'komwe, poti akudziwa kuti magetsiwo ndi a ndalama yochepa koma iweyo ukhala pamenepo ola lathunthu ukugula khofi ndi keke. Ndinaseka chifukwa ndi zomwe amachita amayi ogulitsa tiyi pafupi ndi shopu yanga, munthu akamadikira foni amathera kwa iwo. Njinga za ku Ulaya kumeneko lamulo limati mota isapyole 250W ndipo izisiya kukuthandiza ukafika 25km pa ola, nde mabatire ake ndi a msinkhu womwewu wa alamu, ambiri 400 mpaka 750Wh.

Chimene chimawavuta ngakhale iwowo ndi kamwa za matchaja. Mukukumbukira nthawi ya Nokia, pini yaikulu ndi pini yaing'ono, Samsung yake, Motorola yake, ine pa shopu ndinali ndi chimtolo cha mawaya ngati mizu ya kachere ndipo kasitomala akafika umayamba kaye kuyeza imodzi imodzi? Mafoni anatulukamo m'mavuto amenewo, pano pafupifupi onse atsopano ndi Type-C, ku Ulaya anachita kukhazikitsa lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito kumapeto kwa 2024. Koma njinga zikadali mu nthawi ya Nokia. Bosch ili ndi pulagi yake, Shimano yake, Yamaha yake, za ku China zina kamwa yobulungira ngati ya laputopu, zina ya mapini atatu ngati ya maikolofoni ya kutchalitchi, zina ngati ya waya wa kompyuta. Ndipo mabatire a makampani akuluakuluwa amayamba "alankhulana" kaye ndi tchaja, akaona kuti si yawo salola moto kulowa. Ku Austria kuli kampani ya bike-energy yomwe inapanga masiteshoni okhala ndi tchaja mkati momwemo, iwe umangoyenda ndi kawaya kakafupi ka mtundu wa njinga yako, kawayako ndi komwe kamauza makinawo mlingo woyenera. Nzeru yabwino, koma ndi kuzungulira vuto lomwe likanatha akanangogwirizana kamwa imodzi, ine ndimaona choncho.

Za kamwazi zinatsala pang'ono kundigwetsa m'mavuto mu February. Alamu atayamba kubwera kawiri pa sabata mbiri inamveka, kunabwera bambo wina wa cha ku Nkando ali ndi kanjinga kamagetsi kooneka ngati sikuta, kopanda batire lochotsa, tinachita kukalowetsa pakhonde n'kukoka ekisitenshoni. Kake kamayendera mabatire anayi a 12V a mtovu, olemera aja onga a sola, nawonso pamodzi amati 48V. Tsiku lina onse awiri anasiya zinthu zawo, ine ndinapita ku boma kukatenga katundu, ndinamusiyira mnyamata amene amandithandiza kumeta. Pobwera ndinapeza batire la alamu lili pa tchaja ya bambo uja. Kamwa ndi imodzimodzi, yalowa bwinobwino, pa zonse ziwiri palembedwa 48V, mwanayo analakwa chani? Koma ukatembenuza tchaja ya mabatire a mtovu kunsi kwake palembedwa 59V. Ndinazula msangamsanga manja akunjenjemera, kuligwira batire linali lofunda koma osati kwambiri, kapitawo uja anali atadula kale. Ndinalitulutsa panja pa simenti n'kukhala nalo patali ngati ndikulondera njoka mpaka dzuwa kulowa. Mwayi wina ndi woti mawaya a pulasi ndi mainasi anali mbali zofanana, chifukwa pa mapulagi amenewa opanga ena amawatembenuza. Alamu ndinawauza patatha sabata, anangoti "mukanandigulira lina alamu" akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Tsopano tchaja iliyonse ndinaimata pepala lolembedwa ndi maka dzina la mwini wake ndi nambala ija, ndipo batire nalonso chimodzimodzi.

Anthu amaona ngati ndikukokomeza ndikamanena za moto. Batire la lithium likayaka si ngati moto wa mbaula, kabatire kamodzi kakatentha mopyola kamayatsa kanzake, kanzakenso kanzake, utsi wake ndi wa poizoni, ndipo limatha kuzima n'kudzayakanso lokha. Mu February 2024 mumzinda wa Nanjing ku China moto unayambira pansi pa nyumba yosanja pomwe anthu ankaimika njinga zamagetsi, anthu 15 anafa. Ku China njinga zimenezi ndi mamiliyoni mazanamazana, nde iwo malo otchajira a aliyense sanawamange pofuna kukometsa tauni, anawamanga kuti anthu asiye kukwera ndi mabatire m'zipinda zogona ndi kuponya maekisitenshoni pa windo kuchokera pa nsanjika yachisanu.

Ndipo masiteshoni a ku China ndi amene anandisangalatsa kwambiri poti ndi oyandikira moyo wathu. Pansi pa shedi ya malata pali kabokosi kamodzi pa khoma, kuchokera pamenepo masoketi khumi kapena kuposa ali ndandanda, iliyonse ndi nambala yake. Soketi imakhala yakufa mpaka utalipira. Umalowetsa tchaja yako, kujambula QR code ndi foni, kulipira pa WeChat kapena Alipay, ena ndi kadi kapena makobidi, kusankha maola, kenako kaswitchi ka mkati kamati thwa, moto wafika pa nambala yako yokhayo. Kabokosiko sikadziwa za batire lako, kamangoyang'ana mawati amene soketi ikukoka. Akatsika kwambiri kamadziwa kuti ladzadza, kamadula. Wina akazula tchaja yako kuti aikepo yake mawati amagwa mwadzidzidzi, kamadulanso, nde wakuba moto wagwa nayo. Wina akabwera ndi ketulo kapena simbi mawati amakwera mopyola, kamadula. Basi ndi zimenezo, mita ya prepaid yaing'ono pa soketi iliyonse. Ndinakhala ndikuganiza kuti kwathu kuno QR code siingayende bwino poti akabaza ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, koma Airtel Money ndi Mpamba aliyense amadziwa kudina, mwana wa ku MUBAS kapena ku MUST atakhala nazo pansi akhoza kupanga koti ukatumiza ndalama soketi nambala 4 iyake.

Koma tinene zoona, wakabaza sangadikire maola 5. Tsiku la msika wa Limbuli munthu amafuna maulendo, kuchoka pano kufika ku Muloza ndi makilomita pafupifupi 30, batire la alamu kupita ndi kubwera silikwana ngati wanyamula munthu, ndipo amene amakhala ku Thyolo ndi mitunda yawo ija ndiye aiwale, mtunda umamwa batire ngati mchenga umwera madzi. Alamu anayesa ulendo umodzi kupita ku Luchenza atakweza nanazi dengu lathunthu, pobwerera anapalasa ndi miyendo yawo kuyambira pa Chonde. Njinga yoima pa soketi masana ndi ndalama yomwe ikudutsa pamsewu iwe ukuiona. Matchaja othamanga a 4A kapena 5A alipo, amadula nthawi ndi theka, koma si batire lililonse limalola, ndipo laling'ono ukamalikakamiza choncho tsiku ndi tsiku limakalamba msanga.

Nde pali njira ina yomwe anthu anatulukira, yosinthanitsa. Ndi nkhani ya botolo la Fanta, umabweretsa lopanda kanthu n'kutenga lodzadza, botolo si lako, iwe umalipira zamkatimo. Pa siteshoni pamakhala chikabati chachitsulo cha timakomo tambiri, kuseri kwa kakhomo kalikonse kuli tchaja ndi batire. Ukafika kamodzi kopanda kanthu kamatseguka, ulowetsamo lako lotha moto, makina amaliwerenga kuti ndi lawodi komanso lili bwino, kenako kena kamatseguka kokhala ndi lodzadza. Mphindi ziwiri sizikwana. Kampani ya Gogoro inayamba zimenezi ku Taiwan mu 2015 ndi masikuta, ndipo kuno ku Africa Ampersand ikuchita ku Kigali ndi anyamata a njinga zamoto, Spiro nayo ili ku Benin, Togo, Kenya, Uganda ndi Rwanda, kungoti m'malo ambiri a kuno pamakhala munthu wokusinthira osati chikabati chodzitsegukira. Ubwino wake waukulu ndi woti batire, lomwe ndi chiwalo chodula kwambiri pa njinga yonse, suligula iweyo, likakalamba ndi mutu wa kampani. Komanso amalitchaja modekha pamalo pozizira anthu oti akudziwa. Kuipa kwake, wamangidwa ukwati ndi kampani imodzi, batire la uyu sililowa pa njinga ya uyo, ndipo tsiku lomwe atseke kapena kukweza mtengo ulibe kolowera. Komanso zimafuna njinga zambiri zofanana pamalo amodzi. Pa Chitakale pano panopa ndikudziwa zitatu, ndipo zitatuzo chilichonse ndi batire la mtundu wake kkkk.

Funso lomwe aliyense amandifunsa pa benchi ndi loti nanga magetsi akathima? Eya, nde soketi ndi soketi, yafa basi. Tonse tikukumbukira 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira, pafupifupi 130MW kuchoka pa gridi nthawi imodzi, mmene tinkakhalira. Koma pena ndimaona ngati ife a ku Mulanje timadziderera. Madzi otsika m'phirimu akupanga kale magetsi, ku Bondo kuli kampani ya MEGA pa mtsinje wa Lichenya yomwe imayatsa midzi yomwe gridi sinafikeko, pa Ruo palinso makina. Magetsi a madzi amayenda usiku wonse anthu atagona mababu atazima, ndiyo nthawi yabwino yodzadzitsa mabatire a njinga kuti mmawa anthu azingotenga. Tchaja imodzi imakoka mawati ongopitirira 100 pang'ono, njinga khumi pamodzi ndi simbi imodzi yositira.

Sola nayo imatheka koma musanamizidwe ndi ogulitsa. Panelo ya 300W tsiku la dzuwa labwino ingakupatseni yuniti imodzi ndi kachidutswa, mabatire awiri a alamu. Koma moto umayenda ulendo wautali, kuchoka pa panelo kupita pa kontirola, kulowa m'batire la sola, kutuluka kupita mu inveta kuti ukhale AC, kulowa mu tchaja kuti ubwererenso ku DC, ndipo pa geti iliyonse umasiyapo msonkho. Inveta zotchipa zija zimapangitsa matchaja ena kulira ngati njuchi ndi kutentha, pamafunika ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM. Nde ibwere chiperoni ya mu June ndi July, masiku atatu phiri osaoneka, panelo imangokhala ngati chokongoletsera denga. Kasola ka alamu kunyumba kaja tinakayesa, inveta inangolira kamodzi n'kuzima, mababu onse nawo zii, achemwali anatithamangitsa.

Pano ndiye ndapanga zanga, musaseke. Batire sililowanso mkati mwa shopu momwe muli matawulo, spirit ndi mafoni a anthu. Ndinapempha welda wa kuseri kuno andiwotcherere kabati yachitsulo ya zipinda zinayi, kumbuyo ndi m'mbali anaboola timabowo kuti mpweya uzidutsa, tinaimangirira ku khoma la njerwa pakhonde pomwe dzuwa la masana silifika ndipo mvula siwomba, komanso kutali ndi chitseko, chifukwa chinthu choti chingayake sumachiika pomwe uzidzathawira. Chipinda chilichonse soketi yake ndi loko wake, kiyi amapita nayo mwini batire, ine ndimatha kupita kukadya. Amene anandikokera waya ndi wamagetsi wa mapepala ake, anaikapo buleka yakeyake ndi ija yodula moto ukangothawira kwina, ya 30mA, poti chitsulo ndi mvula ya kuno si zoseweretsa, ndi kena koteteza magetsi akabwera ndi mphamvu atathima kapena kukachita ziphaliwali. Pambali pali ndowa ya mchenga, ngakhale wamagetsi uja anandiuza kuti likayaka ndisadzipangitse ngwazi, ndizule moto pa buleka, ndithamangitse anthu, basi.

Malamulo anga ndi ochepa. Batire lotupa, losweka, lomangidwa ndi selotepi kapena lonunkha zachilendo sindilandira ngakhale ukhale m'bale wanga. Lomwe langotsika pa njinga lili lotentha limayamba lapuma theka la ola. Lonyowa liume kaye. Usiku sindisiya kanthu pa moto, ndikamatseka ndimazula zonse. Wina anadandaula kuti mtengo wanga wakwera pomwe ndanena ndekha kuti magetsi ake ndi theka la yuniti, ndinamuuza kuti achimwene simukulipira magetsi, mukulipira loko, khoma ndi maso angawa, mukafuna otchipa kasiyeni pa soketi ya ku bala muone ngati mukalipeze.

Alamu okha ndi amene salipira, achemwali anandiopseza kuti akandinenera kwa amalume. M'malo mwake Loweruka lililonse amandisiyira njinga ija ola limodzi. Sabata yatha ndinaikwera kulowera njira ya ku boma, pa kamtunda paja ndinadutsa wakabaza wina atanyamula mayi ndi mtolo wa nkhuni, ine ndili phee ngati ndakhala pa sofa, mapedulo ndikungowagwedeza mwaulemu. Anandikuwira kumbuyo kuti "akulu, imeneyo imamwa chani?" Ndinamuyankha kuti theka la yuniti, sanamve, anaganiza kuti ndikumutukwana. Lolemba mmawa ndinamupeza atakhala pa benchi panga akuyang'ana kabati ija, akufunsa kuti chipinda chachinayicho chili ndi mwini wake kale kapena ayi.